Nchito za Ndarama Zambiri ku Migodi: Kodi Mlendo Angazipeze?



Ndiri ndi kalata m'manja mwanga yocokera kwa mnyamata wina wa m'boma la Mchinji. Dzina lace sindichula. Iye anatsiriza Fomu 4, ndipo nchito sanaipeze. Tsono munthu wina wamuuza kuti ku Kitwe kuli nchito za ndarama zambiri, ndi kuti akampatsa kangacepe, iye adzamlembetsa pa mgodi. Atate ace a mnyamatayo ali ndi ng'ombe zinai, ndipo abvomera kugulitsa ziwiri. Funso lace ndi ili: kodi zigulitsidwe?

Mphwanga, wacita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Ndidzakuyankha, koma poyamba undilole ndikuuze mbiri ya anthu akwanu amene anayenda ulendo womwewo iwe usanabadwe. Ukaimva mbiriyo, yankho udzaliona wekha.

Dziko limene kuli Kitwe ndi Ndola ndi la Alamba. Njanji inafika ku Ndola m'caka ca 1909, koma migodi yaikuru ya mkuwa inayamba kukumbidwa kumapeto a zaka za m'ma 1920: Nkana ku Kitwe, Roan Antelope ku Luanshya, Mufulira, ndi Nchanga ku Chingola. Pafupifupi munthu aliyense wogwira nchito m'menemo anali mlendo. Kunali Abemba, Alozi, Angoni ndi Acewa. Kunali a ku Tanganyika, a ku Angola ndi a ku Nyasaland. Azungu naonso anali alendo, ambiri ocokera ku South Africa ndi ku Britain. M'caka ca 1930 Aafirika a pa migodi anali pafupi 30,000. Mtengo wa mkuwa utagwa, migodi ina inatsekedwa, ndipo pakutha pa 1932 otsala pa nchito sanakwane 7,000. Enawo anabwerera kwao pansi, manja ali m'khosi. Ici ndi cinthu coyamba kucisunga: mgodi ulemba anthu mkuwa ukakwera mtengo, nuwacotsa ukatsika.

Pakati pa alendo onsewo, a ku Nyasaland anali ndi mwai umodzi. Kwao sukulu za mishoni zinayamba kale. Ku Khondowe, Dr Robert Laws wa mishoni ya Livingstonia anatsegula sukulu yaikuru m'caka ca 1894, kumene anyamata anaphunzira Cingelezi, masamu, ukalaliki, ukalipentala ndi zomangamanga. Ku Blantyre nakonso kunali sukulu zotere. Koma m'Northern Rhodesia maphunziro a sekondale a Aafirika anayamba ku Munali m'caka ca 1939. Cifukwa cace, pamene makampani anafuna anthu olemba maina m'mabuku, otanthauzira cinenero, ndi othandiza m'zipatala, kawirikawiri anatenga Anyasa. Iwo anabvala makolala oyera, nakhala pa mipando, pamene anzao anatsikira pansi ndi fosholo. Sanakondedwe cifukwa ca nkhope zao. Anafika ndi cinthu m'manja cimene cinasowa pamalopo. Akuru akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kao kanali maphunziro.

Komabe ukalaliki sunali nchito ya ndarama zambiri. Nchito zenizeni za ndarama zinali za amisiri a makina ndi a magetsi, za oyendetsa zikepe zotsitsa anthu m'mgodi, za oyang'anira magulu pansi, ndi za mainjiniya. Pa nchito zimenezi panali mpanda, ndipo mpandawo unali khungu. M'caka ca 1940 Mwafirika woyamba nchito pamwamba pa mgodi analandira 12s. 6d., ndiye kuti masheleni khumi ndi awiri ndi theka, pa tikiti ya masiku 30. Wa pansi analandira 22s. 6d. Mzungu analandira zoposa pamenepo pa tsiku limodzi kapena awiri. Akapitao ambiri acikuda anali ndi cilolezo ca kuphulitsa miyala, nacita nchito yomwe Mzungu analembedwera, koma malipiro ace analowa m'thumba la Mzunguyo. Caka comweco Azungu ananyanyala nchito, napatsidwa zimene anafuna. Aafirika a ku Nkana ndi Mufulira anatsata, napempha masheleni 10 pa tsiku. Pa 3 April 1940 asilikari anaombera khamu la anthu ku Nkana, ndipo anthu 17 anafa.

Mverani tsono umo mpandawo unamangidwira, pakuti unamangidwa mocenjera. Bungwe la anchito acizungu, limene linayamba m'caka ca 1936, linapangana ndi makampani kuti Mwafirika akapatsidwa nchito ya Mzungu, alandire malipiro onse a Mzungu ndi nyumba yonga yace. Pakamwa mau amenewa amveka acilungamo. Koma eni mau anadziwa kuti palibe kampani imene idzalemba munthu wakuda pa mtengo umenewo pamene Mzungu alipo. Lamulo la dziko nalonso linaletsa Aafirika kulembedwa ngati ophunzira umisiri kufikira kumapeto a zaka za m'ma 1950. Munthu analetsedwa kuphunzira, ndipo pambuyo pace anauzidwa kuti sadziwa. Boma linatuma Andrew Dalgleish ndi anzace kuti afufuze, ndipo m'caka ca 1948 iwo analemba kuti pali mitundu yambiri ya nchito imene Aafirika akhoza kuigwira, ina pomwepo, ina ataphunzitsidwa. Bungwe la Azungu linakana, ndipo mau aja anagona m'kabati.

Cimene cinagwedeza mpanda ndi umodzi wa anchito eni ace. M'caka ca 1949 mabungwe a pa migodi anaphatikana, nasankha Lawrence Katilungu, amene anali wa pa Nkana, kukhala mtsogoleri wao. M'caka ca 1952 ananyanyala nchito masabata atatu mwabata, ndipo malipiro anakwezedwa. M'caka ca 1955 mitundu 24 ya nchito za Azungu inaperekedwa kwa Aafirika. Koma kukwera kwa ocepa kunabala magawano. Akalaliki ndi akapitao anapanga bungwe laolao lotsogozedwa ndi Godwin Lewanika, ndipo anchito wamba anawayesa ogulitsa anzao. M'caka ca 1956 kunali kunyanyala kotsatanatsatana cifukwa ca nkhani imeneyi, kufikira Boma linamanga atsogoleri ambiri. Mlendo wokhala pa mpando wabwino, anzace ali kubvutika, sagona tulo tabwino.

Pa 24 October 1964 Zambia inalandira ufulu. Tsiku limenelo Azambia okhala ndi digiri ya ku yunivesite anali ngati 100 okha m'dziko lonse. Boma latsopano linafulumira kutsegula sukulu. University of Zambia inayamba m'caka ca 1966, ndipo caka comweco malipiro a Aafirika a pa migodi anakwezedwa ndi 22 pa 100 alionse. Makampani analamulidwa kuika eni dziko m'malo a Azungu. Izi sizinayende msanga monga anthu anayembekezera. Michael Burawoy, amene anagwira nchito yofufuza pa migodi ali ku Kitwe, analemba m'buku lace la 1972 kuti kawirikawiri Mzambia akapatsidwa udindo, Mzungu amene anali pamenepo anampangira udindo wina watsopano pamwamba pace, natenga mphamvu zonse kunka nazo. Ngakhale zinali tero, m'kupita kwa zaka mpanda wa khungu unagwa.

Koma taonani cimene cinaonekera Mnyasa. M'masiku a Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, iye analowa ndi kuturuka monga kwao. Ufulu utafika anasanduka Mmalawi, munthu wa dziko lina. Mau akuti eni dziko sanatanthauze munthu wakuda aliyense, koma nzika ya Zambia. Nzika inalandira citupa cobiriwira, mlendo ca mtundu wina. Pokweza anthu anayamba ayang'ana citupaco.

Agogo anga amuna anali mmodzi wa anthu otere. Anafika ku Migodi ali mnyamata, nagwira ukalaliki pa mgodi wina zaka zambiri. Pamene Mzungu wa mu ofesi yao anacoka, onse anati mpando ndi wao, pakuti nchito yonse inali m'mutu mwao. Koma mpando unapatsidwa kwa mnyamata amene iwo anamphunzitsa kugwira mabuku. Agogo sanamuda mnyamatayo, ndipo anali kunena kuti dziko liri ndi mwini wace. Cinawapweteka ndi cakuti anauzidwa kale kuti asankhe, atenge unzika wa Zambia kapena akhale Mmalawi, ndipo iwo anazengereza, mtima uli kumudzi, thupi liri ku Migodi. Mapanga awiri anawabvumbwitsa.

Musaganize kuti ici cigwera anthu ang'ono okha. David Kaunda anali mphunzitsi ndi mlaliki wocokera ku Nyasaland, wotumidwa ndi mishoni ya Livingstonia ku dziko la Chinsali. Mwana wace Kenneth anabadwira ku Lubwa m'caka ca 1924, nalamulira Zambia zaka 27. Koma m'caka ca 1996 malamulo anasinthidwa kuti wofuna upulezidenti akhale wa makolo obadwira m'Zambia onse awiri, ndipo m'caka ca 1999 bwalo lalikuru la milandu la ku Ndola linaweruza kuti Kaunda si nzika ya Zambia. Ciweruzoco sicinakhalitse, ndipo lamulo lija la makolo linacotsedwa m'caka ca 2016. Koma ngati nkhani ya mapepala inagwedeza munthu wotere, nanga iwe ndi ine?

Tsopano tifike ku masiku ano. Mtengo wa mkuwa unagwa kwambiri m'caka ca 1975, ndipo migodi, imene Boma linatengako gawo lalikuru kuyambira 1970, inafooka zaka zambiri. M'caka ca 1976 anchito a pa migodi anaposa 60,000. Pofika 2001, migodi itagulitsidwa kwa makampani, anatsala ngati 20,000. Ku Ndola mafakitale ambiri anatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Pambuyo pace mkuwa unakweranso mtengo, migodi yatsopano inatsegulidwa ca ku Solwezi, ndipo m'caka ca 2024 Zambia inakumba matani oposa 800,000. Boma linena kuti lifuna kufika matani 3 miliyoni pa caka. Cotero amene akuuza kuti ku Migodi kuli ndarama sanama konse. Koma mgodi wa lero ukumbidwa ndi makina. Nchito imene kale inafuna amuna makumi asanu a fosholo, lero aigwira munthu mmodzi wokhala pa ciongolero. Ndiponso anthu ambiri salembedwa ndi mgodi weniweni, koma ndi makampani ang'onoang'ono olandira maganyu kwa mgodiwo, ndipo malipiro ao ndi ocepa, nchito yao ndi ya miyezi yowerengeka. Kucotsedwa nakonso sikunathe: m'caka ca 2015 mtengo utatsika, kampani ya Mopani yokha inacotsa anthu oposa 4,000.

Nanga nchito za malipiro abwino ndi ziti? Ndi za mainjiniya a migodi, a makina ndi a magetsi. Za odziwa miyala ndi odziwa kuyenga mkuwa. Za oyeza malo pansi pa nthaka. Za madokotala ndi owerengera ndarama. Ndiponso za amisiri okhwima, monga okonza makina akuru a dizilo, a magetsi, ndi owocherera zitsulo. Zonsezi ziri ndi mpanda wace watsopano, ndipo mpandawo ndi pepala. Injiniya sagwira nchito m'Zambia wosalembetsa ku Engineering Institution of Zambia. Dokotala ayenera kubvomerezedwa ndi Health Professions Council of Zambia. Satifiketi yocokera kunja iyenera kuyesedwa ndi Zambia Qualifications Authority. Wophulitsa miyala ayenera kukhala ndi cilolezo ca Boma.

Mlendo ali ndi pepala linanso loti apeze. Mmalawi akhoza kulowa m'Zambia kukaceza popanda bvuto, koma kuceza si kugwira nchito. Cilolezo ca nchito cicokera ku ofesi yoona za alendo olowa m'dziko, ndipo amene acipempha ndi kampani yofuna kukulemba. Lamulo la nchito la 2019 linena kuti malo akapezeka, nzika iyambe kuganiziridwa. Mlendo alembedwe ngati palibe nzika yodziwa nchitoyo, ndipo aphunzitse nzika yodzalowa m'malo mwace. Tsono lingalira wekha, mphwanga. Ku Kitwe kuli Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1987, ndipo caka ndi caka ituturutsa mainjiniya. Ku Ndola kuli Northern Technical College, yosula amisiri. Ambiri a ana amenewa ali kuyendayenda ndi mapepala ao m'manja. Kodi kampani idzanena ciani kwa Boma, kuti yasiya onsewa ndi kutenga mnyamata wa Fomu 4 wa ku Mchinji?

Alendo a malipiro akuru alipodi ku Migodi, ocokera ku South Africa, ku Australia, ku China, ku India, ku Peru, ngakhale ku Zimbabwe ndi ku Ghana. Koma uwayang'ane bwino. Ambiri a iwo sanadze kudzafuna nchito. Nchito ndiyo inawaitana ali kwao, cifukwa anali atagwira kale zaka zambiri pa migodi yina. Ici ndi comwe cija ca akalaliki a ku Khondowe. Mlendo alowa pamene wabwera ndi cimene eni mudzi alibe.

Nanga wofika manja okha? Iye agona kwa acibale ku Chimwemwe kapena ku Kabushi, nayamba maganyu, nabisala apolisi. Mwini nchito akamkaniza malipiro alibe kokadandaula, pakuti iye mwini ali wolakwa. Ena atsirizira ku zimiyulu za zotsalira za mkuwa, monga cija ca ku Kitwe cimene acicha Black Mountain, kumene m'mwezi wa June 2018 cigumukire cinapha anthu osacepera 10. Ndipo manyazi a kubwerera wopanda kanthu ndiwo asandutsa munthu mchona.

Yankho langa tsono ndi ili. Ng'ombe zisagulitsidwe cifukwa ca munthu uja. Nchito yoona siigulidwa. Wofuna ndarama kuti akulembetse ndi mbala, ngakhale abvale jekete la kampani. Umfunse kalata yocokera ku kampaniyo, ndi dzina la ofesi imene idzapempha cilolezo cako, ndipo udzaona umo adzasowera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Koma ngati atate ako alolera ndithu kutaya ng'ombe cifukwa ca iwe, zitayikire ku sukulu. Pa mseu womwewo wocokera ku Mchinji kunka ku Lilongwe pali sukulu ya umisiri ya Namitete. Ku Lilongwe kuli yina, ndi ku Soche ku Blantyre. Usankhe umisiri umene migodi iufuna, wa magetsi, wa makina kapena wa zitsulo, ndipo ulembe mayeso ace onse kufikira pamwamba. Ngati unakhoza bwino masamu ndi sayansi, uyese uinjiniya wa migodi ku sukulu yaikuru ya ku Blantyre imene kale inachedwa Polytechnic. Ukatsiriza, ugwire nchito kwanu poyamba, kaya pa fakitale ya shuga, kaya pa kampani yomanga miseu, kaya pa mgodi wa Kayelekera ku Karonga, umene unatsegulidwanso m'caka ca 2025. Usunge kalata iriyonse ya umboni. Zikapita zaka zisanu kapena khumi, udzakhala munthu amene kampani ikhoza kumlembera pempho ku Boma popanda manyazi. Njira iyi ndi yaitali, ndipo sindikulonjeza kuti idzakufikitsa ku Kitwe. Koma ngakhale usafikeko, umisiri udzakhala wako, ndipo palibe wa pa malire amene angakulande.

Ndiri ndi mau kwa inunso, adzukulu a machona, amene munabadwira ku Ndola ndi ku Kitwe, makolo anu ali ocokera ku Dedza, ku Nkhata Bay kapena ku Tete. Inu muli pafupi ndi cipata koposa mnyamata wa ku Mchinji, koma ena mwa inu mapepala anu sali olongosoka. Musadikire tsiku limene mudzaitanidwa ku nchito. Pitani ku ofesi ya kalembera akuru anu akali moyo, kuti acitire umboni. Kuyambira 2016 Zambia ilola munthu kukhala nzika ya maiko awiri, ndipo Malawi nayonso inabvomereza pambuyo pace. Cisankho cimene cinawawa agogo anga, inu simuli nako kukakamizidwa kucicita.

Ndipo inu eni dziko, mukaona mlendo wabwera ndi luso ndi mapepala oyenera, musamcitire nsanje. Kumbukirani kuti migodi iyi inakumbidwa ndi anthu a mitundu yonse, ndi kuti ana anu naonso ali alendo ku Botswana, ku Congo ndi ku Australia.

Mphwanga wa ku Mchinji, uwapatse moni atate ako, ndipo uwawerengere mau awa. Undilemberenso ukasankha cocita.